Phazi Likuti Chiyani?

Lolemba, 5 Juni 2017

Andigoneka lero masana ku chipatala cha Mwanza. Wodi ya amayi, bedi 11, pafupi ndi zenera lokanika kutseka. Ndabwera pa matola kuchokera ku Thambani ndi kalata ya ku chipatala chaching'ono cha kwathu. Kope ili ndagula pa geti, chifukwa ndilibe gadiyani woti azindikumbutsa zimene adokotala anena, ndipo mutu wanga ukachita mantha sugwira kanthu.

Chavuta ndi phazi lamanzere. Munga wa mandimu unandilasa pansi pa chala chaching'ono mwezi watha, ndikukolola manachesi m'munda umene anandisiyira malemu amuna anga. Sindinamve. Ndinazindikira patapita masiku nditaona nsapato yanyowa. Matenda a shuga ndakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi.

Shuga lero: 384. Adokotala apukusa mutu. Insulini m'mawa ndi madzulo. Jakisoni wa m'diripi kamodzi pa tsiku, dzina ndakopera pa botolo: Ceftriaxone. Mapiritsi a Flagyl katatu. Panado. Kutsuka chilonda m'mawa uliwonse ndi madzi a mchere.

Mwana wanga Laston ali ku Joni. Ndamufulasha kawiri. Wayimba madzulo, wati, "Muli bwanji amayi?" Ndati ndili bwino, ndi kachilonda chabe, asiye nkhawa. Ali pa ntchito ya eni ake, ndimusokonezerenji.

Lachiwiri, 6 Juni

Kwazizira. Bulangeti ndi limodzi. Shuga 310.

Pa bedi 12 pali a Olímpia a ku malire. Amakazinga tchipisi pamene madalaivala a mathiraki amadikira mapepala, ndiye chiwaya cha mafuta chinawatayikira pa mwendo. Pakamwa sapuma. Amanditcha "mana", ati kwawo kwa makolo awo ku Zobue ndiye kuti achemwali. Ana awo aakazi amabwera atatu nthawi imodzi ndi mkate wa ku Mozambiki. Anandinyemerako. Ndakana chifukwa cha shuga, koma fungo lake ndadya.

Kwabwera nesi wina wosiyana ndi enawa, wanyamula failo ya buluu. Dzina ndi a Flossie. Amagwira ntchito muno, komanso akuphunzira ku sukulu ya anamwino ku Blantyre. Anakoka mpando n'kukhala pansi. Chilowereni muno palibe amene anakhalapo pansi pambali pa bedi langa.

Ati akuchita kafukufuku. Mawu amenewa ndinawamva komaliza apolisi atabwera m'mudzi mwathu pa nkhani ya mbuzi zobedwa. Ndinafunsa kuti ndalakwa chiyani. Anaseka, koma osati mondinyoza. Ati iwo akufufuza zilonda, osati anthu. Akufuna kudziwa mmene zilonda zimapolera muno ndi mmene zimawawira, kuti anamwino asamangoganizira, azidziwa. Anandiwerengera pepala lonse mpaka pansi. Ati ndikhoza kukana ndipo mankhwala anga sasintha. Ati dzina langa salemba, ndikhala nambala 14. Ati akaona china choopsa akauza adokotala.

Ndasaina. Dzina langa, Fyness, ndalemba bwino.

Lachitatu, 7 Juni

Shuga 276.

A Flossie afika 8 koloko. Ati azifika nthawi yomweyi tsiku lililonse, ndi rula yamtundu womwewo, chifukwa ukasinthasintha sungadziwe ngati chasintha ndi chilonda kapena woyezayo. Rula yake ndi ya pepala, akayeza amataya. Chilonda: mulitali masentimita 4, mulifupi 3. Kenako anayitana nesi mnzawo, a Kinsley, ayezenso iwo atatembenuka. Onse anapeza zofanana. Zinandisangalatsa. Anthu awiri kuwerama pa phazi langa ngati ndi chinthu cha mtengo wapatali.

Kenako anatulutsa khadi. Pali nkhope zisanu ndi imodzi, yoyamba ikuseka, yomaliza ikulira misozi. Pansi pake manambala, 0 mpaka 10. Ati ndiloze pamene pali ululu wanga.

Koma asanatulutse khadilo anali atandipatsa moni. Anati, "Mwadzuka bwanji amayi?" Ine ndinati, "Ndadzuka bwino, kaya inu." Tsono munthu wangonena kumene kuti wadzuka bwino, angaloze bwanji nkhope yolira? Ndikanaoneka wabodza. Ndinaloza 2.

Zoona zake ndi 4. Ndalemba muno kuti ndisaiwale.

A Olímpia nawonso ali m'kafukufukuyu, ndi nambala 12. Iwo khadi saliyang'ana n'komwe. "Teni, sisitala. Lembani teni." Atachoka a Flossie anandinong'oneza kuti, "Mana, inu mukanena thuu mufera pa panado. Pano wolira ndiye amapatsidwa mankhwala amphamvu." Atatero anatenga chipeso n'kuyamba kupesa tsitsi akuyimba. Teni wake ameneyo.

Lachinayi, 8 Juni

Shuga 250. Chilonda 4 ndi 3. Ndanena 2. Zoona 4.

Pa bedi 9 pali mayi wa ku Kunenekude, nayenso wa shuga, phazi lake lakutidwa mpaka m'bondo. Salankhula kwambiri. Lero ndinamuona akuloza khadi. Chala chake chinapita kumapeto, pa 9, ndipo sanali kupesa tsitsi ayi. A Flossie anatseka failo n'kupita msangamsanga kukayitana adokotala.

Nthawi ya alendo wodi imadzaza. Fungo la makoko a manachesi paliponse. Ine ndimatembenukira ku zenera ngati ndagona, kuti alendo a eni asamavutike kundipatsa moni wachisoni.

Lachisanu, 9 Juni

Mayi wa pa bedi 9 amutenga pa ambulansi kupita ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Gadiyani wake pomanga katundu amalira. Ati akadula mwendo.

Dzulo analoza 9, lero akadula mwendo. Ndaziona ndi maso anga. Ndafunsa a Olímpia kuti nanga iwo amanena teni tsiku lililonse bwanji sawatenga. Ati, "Ine ndinapsa, mana. Amene amadulidwa ndi inu a shuga." Ananena mopanda kuganiza, kenako anagwira pakamwa. Koma mawu anali atatuluka.

Munda wanga uli pa chitunda. Mitengo 63. Wa mwendo umodzi sangakwere pamenepo, ngakhale kukatunga madzi kudambo. Ndikadulidwa andisunga ndani? Laston ali ndi mkazi ndi ana m'kachipinda kamodzi ku dziko la eni.

Ndatsimikiza mumtima. Chala changa sichidutsa pa 3.

Shuga 231. Chilonda 4 ndi 3. Ndanena 2. Zoona 5.

Lamulungu, 11 Juni

Dzulo sindinalembe. A Flossie sabwera Loweruka ndi Lamulungu, khadi amayendetsa a Kinsley. Iwo sakhala pansi.

Lero kwabwera alamu anga a Zakeyu, ang'ono awo a malemu, amene akundiyang'anira munda. Mlendo wanga woyamba. Abwera ndi jumbo la manachesi a mu mtengo wa kuseri kwa khola, otsekemera aja. Anesi ati limodzi lokha pa tsiku. Ena ndagawa m'wodi. Kwa kanthawi anthu amatchula dzina langa.

A Zakeyu anakhala chakumapazi, chipewa pa bondo. Anati, "Nanga mukupeza bwanji alamu?" Ndinati ndili bwino, kukusintha. Anati, "Aa, tithokoze Mulungu. Ndiye ine ndisamavutike kubwerabwera, ogula a ku Blantyre ayamba kufika, pamunda pakufunika munthu." Ndinati inde, musamavutike.

Atatuluka ndinawaona pa zenera mpaka anakhota pa geti. Ndinafuna kuwayitana. Ndikanati chiyani?

Phazi layamba kugunda ngati muli mtima wina m'katimo. Limayamba masana, mphamvu ya panado ya m'mawa ikatha. Ndanena 2. Zoona 6.

Lolemba, 12 Juni

Shuga 214. Chilonda 3 ndi theka, ndi 3. Chachepa!

A Flossie anakondwa. Anajambula m'mphepete mwa chilonda pa kapulasitiki koonekera, n'kukasanjika pa ka sabata yatha kuti ndione ndekha. N'zoona, pakamwa pa chilonda pakutsekeka. Anati, "Mwaona amayi? Ndipo ululu wanu sunakwerepo. Inu ndiye mukundilimbitsa mtima."

Anandifunsa za munda. Ndinawauza mmene timalumikizira nthambi ya nachesi pa tsinde la mandimu, ndipo n'chifukwa chake minga imaphukira pansi ukapanda kusadza. Anamvetsera mpaka a Kinsley anawakodola. A Flossie ati mayi awo anamwalira iwo ali Fomu 2, nawonso ndi shuga, ku mudzi, osafika ku chipatala.

Ndaganiza tsiku lonse. Mwanayu akulemba mayeso ndi zilonda zathuzi. Nditanena kuti ululu ukukwera pamene iye akutsuka bwino chonchi, aphunzitsi ake sadzati walephera? Munthu mmodzi yekha amene amakhala pa mpando.

Ndanena 1. Zoona 6.

Lachiwiri, 13 Juni

A Olímpia awatulutsa. Mwendo wauma bwino. Ana awo anabwera ndi chitenje chatsopano, wodi yonse phokoso. M'mawa a Flossie atawaonetsa khadi komaliza anati, "Lero lembani naini, sisitala, ndachira." Anthu anaseka mpaka wa pa bedi 7 anatsokomola.

Pochoka anaima pa bedi langa. Anandipeza ndaluma nsonga ya chitenje. Anati, "Mana, imeneyo ndiye wani wanu uja?" Ndinati ndi kuzizira chabe. Anati, "Ine bodza langa linandipatsa mapiritsi. Lanulo likupatsani chiyani?" Anandisiyira bulangeti lawo lakunyumba, ati ndidzabweze ndikadzabwera ku malire kudzadya tchipisi ndi miyendo yanga iwiri.

Bedi 12 alivula nsalu. Pulasitiki yokha ikunyezimira.

Shuga 240, wakweranso, kaya chifukwa chiyani. Ndanena 2. Zoona 7.

Lachitatu, 14 Juni

Adokotala pa raundi anayang'ana chilonda pamwamba, anawerenga failo, anati mankhwala a m'diripi atha, ndipitirize mapiritsi. Ati zikapitirira chonchi Lachisanu ndipita kunyumba, ndizikatsukitsa ku Thambani. Anandifunsa ngati pali vuto. Ndinati palibe.

Ndiyenera kukondwa. Ndikatuluka Lachisanu ndiye kuti Blantyre ndamuzemba.

Koma masana ndinanjenjemera, mabulangeti awiri osathandiza. Pofika madzulo, nthawi yoyeza kutentha kwa thupi, ndinali nditamwa kale panado, ndiye sanapeze kanthu. Ndinasuzumira pansi pa bandeji. Chala chaching'ono chasintha mtundu, chikuoneka ngati nachesi logwa pansi dzana. Ndabwezeretsa bandeji.

Laston sanayimbe chiyambire tsiku loyamba lija. Ndikumuikira kumbuyo, ndinamuuza ndekha kuti ndi kachilonda.

Ndanena 2. Zoona 8.

Lachinayi, 15 Juni

Ndilemba zonse ngakhale dzanja lalema, chifukwa mawa sindikudziwa.

A Flossie anafika 8 koloko, nkhope yosasangalala. Asanamasule bandeji anakhala pa mpando n'kutsegula failo. Ndinafunsa chavuta n'chiyani. Ati anatumiza manambala a masabata atatu kwa aphunzitsi awo, ndipo aphunzitsiwo awabweza ndi funso. Zilonda zikuluzikulu anthu akuti 2, zina zazing'ono akuti 10. Azimayi achikulire pafupifupi onse akuti 1 kapena 2. Ati aphunzitsi afunsa kuti, kodi azimayi a ku Mwanza samva kuwawa, kapena khadilo silikumva azimayi a ku Mwanza?

Ndinati, "Ndiye mwalephera mayeso?"

Anati, "Ayi amayi. Manambala oipa salepheretsa munthu. Cholepheretsa ndi manambala abodza. Zimene ndilembe pano adzawerenga anamwino ena. Ndikalemba kuti chilonda cha shuga sichiwawa, nesi wina kutsogoloku adzaona mayi ngati inu ali chete, adzati ali bwino, adzadutsa."

Pogulitsa manachesi timayika okongola pamwamba pa dengu. Koma amenewo timachitira wogula wodutsa, amene sitidzamuonanso. Ine ndakhala ndikuchitira mwana amene amandikhalira pa mpando.

Ndinati, "A Nesi, ndifunse nawo. Munthu wina, osati ine, wa shuga, atati waloza 8. Mumamutumiza ku Blantyre?"

Anati, "Munthu winayo akuopa chiyani ku Blantyre?"

Ndinati, "Zimene zinachitikira mayi wa pa bedi 9. Analoza 9 Lachinayi, Lachisanu ambulansi."

Anayika cholembera pansi. Ati za wodwala wina sangandiuze. Koma anandifunsa kuti, tambala akalira kunja n'kucha, ndiye kuti dzuwa walitulutsa ndi tambalayo? Ati nambala sidwalitsa mwendo, imangonena zimene zachitika kale m'katimo. Ikanenedwa msanga adokotala amapeza chopulumutsa. Ikachedwa amapeza zochepa.

Kenako anati, "Amayi Fyness, munthu winayo wayamba liti kumva 8?"

Masiku onsewa ndanena kuti ndili bwino, lero ndisinthe bwanji pamaso pawo? Ndinangopisa dzanja pansi pa pilo n'kuwapatsa kope ili.

Anawerenga ali chete, tsamba ndi tsamba. Muli za Laston, za a Zakeyu, za iwo omwe ndi mpando wawo. Manyazi anandigwira, ndinayang'ana ku zenera. Nditacheuka ndinaona akutsata ndi chala pamene ndimalemba "Ndanena" ndi "Zoona". Anati, "Folo, folo, faifi, sikisi, sikisi, seveni, eyiti. Mayi inu. Mwalemba bwino kuposa ine." Mawu awo amanjenjemera. Kaya ndi mkwiyo kaya n'chiyani, sindinadziwe.

Anamasula bandeji yonse mpaka ku chala, osati pa chilonda pokha. Anadina pamwamba pa phazi. Ndinakuwa, wodi yonse inatembenuka. Mafinya anatuluka pa kabowo kakang'ono m'mphepete. Anathamanga ngati tsiku la bedi 9 lija.

Adokotala analowetsa kachitsulo m'kabowomo, kanalowa mpaka kanagunda fupa. Anandijambula phazi. Ati pamwamba pamatsekeka koma m'kati mumawola, ndipo fupa la chala chaching'ono lagwidwa. Mawa ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Achotsa chalacho ndi kutsuka m'kati. Ndinafunsa kuti nanga mwendo. Ati aona akatsegula.

Diripi abwezeretsa. Andibaya jakisoni wa ululu. Kuyambira pakati pa usiku osadya kanthu. Pepala la opaleshoni ndasaina ndekha, pa mzere wa wachibale palibe dzina.

Shuga 298. Chilonda 3 ndi 3. Lero khadi sanatulutse.

Lachisanu, 16 Juni

Akubwera ndi machira. Ambuye, mwendo.

Loweruka, 17 Juni

Ulipo. Ndaugwira.

Lamulungu, 18 Juni

Achotsa chala chaching'ono ndi kafupa ka kuseri kwake. Zala zinayi zatsala. Adokotala ati ndikanapita kunyumba Lachisanu lija, ndikanabwerera pakatha sabata ndipo akanayambira pansi pa bondo. Ananena akulemba m'failo, osandiyang'ana, ngati akunena za mvula.

Shuga 205. Ululu 7, ndauza a Kinsley 7. Sanandidzudzule. Anangobweretsa mankhwala.

A mpingo wina anabwera kudzayimba m'wodi. Anapempherera bedi lililonse. Pa langa anafunsa dzina.

Lolemba, 19 Juni

8 koloko yakwana, a Flossie sanabwere. Mpando uli ku khoma.

Shuga 190. Bala alisiya lotsegula, amalowetsamo nsalu yonyowa. Kutsuka kwake ndi 9. Pakatha ola limodzi 5.

Lachiwiri, 20 Juni

Sanabwerenso. Ndafunsa a Kinsley, ati apita ku Blantyre.

Ndawonongera mwana wa eni sukulu. Sabata yathunthu akulemba bodza langa ndi dzanja lake. Mwina andichotsa, nambala 14 apatsa wina. Mwina awachotsa iwowo. Ndayesa kuwerenga ndi zala kuti ndi anthu angati m'wodi muno amene amaloza 2 ngati ine, ndapeza asanu amene ndimawamva akubuula masana.

Pa bedi 12 agonekapo gogo wina wosamva. Ndamupatsa moni, wangondiyang'ana.

Ndafunda bulangeti la a Olímpia. Likununkhirabe mafuta a tchipisi.

Lachitatu, 21 Juni

Abwera! Anakoka mpando ngati palibe chinachitika. Ndinayamba kupepesa, anandidula. Ati wopepesa ndi iwo. Ati anayeza mulitali ndi mulifupi mosamala, anthu awiri, rula yatsopano tsiku lililonse, koma funso lenilenilo amalifunsa molakwika. Amafunsa atangopereka moni. Amafunsa m'mawa panado atangoyamba kugwira. Ndipo wofunsayo anali yemweyo wotsuka chilonda, amene wodwala safuna kumukhumudwitsa. Ati khadilo analitenga m'mabuku a kunja, anamasulira mawu ake m'Chichewa, koma sanaganize kuti kwathu kuno munthu sayankha moni ndi madandaulo.

Ku Blantyre anapita kukapempha chilolezo chosintha kafunsidwe, chifukwa ati sungasinthe pakati pa kafukufuku mwa iwe wekha, pali akuluakulu amene amayang'anira kuti odwala tisapwetekedwe. Alola. Tsopano azifunsa kawiri, m'mawa ndi 3 koloko masana. Wofunsa azikhala nesi amene sanatsuke chilondacho. Odziwa kulemba azipatsidwa pepala lawolawo, osadziwa azichonga pa nkhope.

Ndinati ndiye manambala anga akale aja mufufute. Ati ayi, safufuta kanthu. Alemba onse awiri, amene ndinanena ndi amene ndinabisa, ndi chifukwa chake, kuti wina asadzagwe m'dzenje lomwelo. Anapempha kukopera manambala a m'kope muno, manambala okha, za Laston ayi. Anatulutsa pepala lina la chilolezo n'kundiwerengera lonse mpaka pansi. Ndasaina.

Kenako anati pali chimodzi chimene chawakanika. Moni sangasiye kupereka, si ulemu. Koma akapereka moni munthu amati ali bwino, ndipo zathera pomwepo. Anati, "Inu amayi, ndikanakufunsani bwanji kuti mundiuze?"

Palibe anandifunsapo nzeru chimwalirireni amuna anga. Ndinaganiza nthawi yaitali. Ndinati, "Moni ndi wa ine. Ine ndiyenera kukhala bwino, ndinaleredwa choncho. Koma phazi silinaleredwe ndi munthu. Mukatha moni muzinena kuti moni watha, kenako muzifunsa phazilo."

Anayesa pomwepo. "Mwadzuka bwanji amayi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu."

"Ndadzuka bwino. Moni watha. Phazi likuti chiyani?"

"Likuti sikisi."

Zinatuluka mosavuta, ngati ndikunena za mwana wa eni wosamvera. Tinaseka tonse awiri. Analemba mawuwo pa chikuto cha failo ya buluu.

Lachisanu, 23 Juni

Shuga 172. Bala lafiira bwino, mafinya palibe. Tsopano amayezanso kuya kwake: 2. Andipatsa ndodo, ndafika pa khomo la wodi n'kubwerera.

3 koloko ndinamva nesi wa masana pa bedi 7. "Moni watha. Mwendo ukuti chiyani?" Mayi uja amene masiku onse amati 1 anati, "Ukuti seveni, koma musawauze ana anga." Ndinaphimba kumutu ndi bulangeti. Sindikudziwa chimene ndimalirira.

Adokotala ati ndikhala masabata ena awiri. Ndikatuluka pafunika munthu wonditungira madzi ndi kundiperekeza kotsukitsa kwa mwezi wathunthu. Anafunsa kuti kunyumba kuli ndani. Ndinatsala pang'ono kunena kuti alipo ambiri. Ndinati palibe. A Flossie anali pomwepo. Adokotala atapita anati, "Palibe, kapena simunawauze?"

Lamulungu, 25 Juni

Ndamufulasha Laston m'mawa, katatu. Wayimba nthawi ya alendo, wodi ili phokoso. Ndinatsamira ndodo n'kupita pa khonde.

"Amayi, muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya iwe ndi ana."

"Tonse tili bwino. Ndiye munatuluka eti? Kachilonda kaja kanapola?"

Ndinaganiza za abwana ake, za ulendo wautali wa basi, za kachipinda kawo. Ndinatsala pang'ono kunena kuti inde.

Ndinati, "Laston, moni watha."

Anati, "Mwati chiyani amayi?"

Ndinati, "Ndili m'chipatala sabata yachitatu. Andidula chala, mwendo unatsala pang'ono kupita. Ndilibe gadiyani. Pa pepala la opaleshoni ndinasaina ndekha. Ndikatuluka sindingathe kutunga madzi. Ndikuopa, mwana wanga."

Ndimangomva magalimoto a ku Joni akudutsa m'foni. Ndinaganiza kuti yaduka. Kenako ndinamva akupuma ngati mmene amapumira ali mwana akafuna kulira koma akuchita manyazi.

Anati, "Amayi, inu munati kachilonda."

Ndinati, "Ndinatero."

Ati ayimbira bambo ake aang'ono a Zakeyu lero lomwe, ndipo akambirana ndi mkazi wake kuti abwere ndani. Ati ndisazimitse foni. Sindikudziwa ngati abwera. Koma wayimbanso kawiri dzuwa lisanalowe, kachiwiriko amangofuna kudziwa ngati ndadya.

Shuga 160. Bala 4 ndi 2, kuya 1 ndi theka.

Ndanena 4. Zoona 4.